Ndinafuna kukhala positi ofesi yandekha

Tsiku limene akaunti yanga ya imelo inatsekedwa ndinali ndi ntchito ya kasitomala yoti ndiitumize isanakwane 4 koloko. Ndinalemba pasiwedi, inakana. Ndinalembanso chilembo chimodzichimodzi ngati mwana amene akuphunzira kulemba dzina lake, ndipo m'pamene panatuluka uthenga wakuti akaunti yaimitsidwa chifukwa yaphwanya malamulo. Malamulo ake ati, sananene. Munthu woti n'kumuimbira foni panalibe. Panali fomu yokha, ndipo fomuyo inkafuna adiresi ina ya imelo yoti andiyankhirepo, chikhalirecho ina ndinalibe.

Ndimajambula mapulani a nyumba pandekha, ndipo adiresi imeneyo ndinali nditakhala nayo zaka zoposa 10. Makasitomala ankandidziwira pomwepo. Banki, laisensi ya pulogalamu yojambulira, malo osungirako mafayilo, zonsezi ukaiwala pasiwedi zimatumiza linki ku imelo. Ndinali ngati munthu amene wataya kiyi wa chipinda chimene amasungiramo makiyi ena onse.

Anandibwezera akauntiyo patatha sabata ndi masiku awiri, osafotokoza chilichonse. Nditawauza achimwene anga, amene amayang'anira maseva kuntchito kwawo, sanandimvere chisoni ngakhale pang'ono. Anangofunsa kuti, "Kodi pa adiresi yakoyo, gawo lako ndi liti?"

"Si dzina langa lili pomwepo, achimwene?"

"Dzina lako lili kumanzere kwa @. Kumanja kuli dzina la eni nyumba. Iwe ukungogonamo, ndipo lendi sulipira. Akakutulutsa ukadandaula kwa ndani?"

Kachizindikiro ka @ kaja, kamene Ray Tomlinson anasankha mu 1971, ntchito yake ndi imeneyo: kulekanitsa munthu ndi malo amene akupezeka. Zaka zonsezo ndinkakaona tsiku lililonse koma sindinaganizepo kuti mbali yofunika ndi yakumanja. Ndipo si kutsekeredwa kokha. Kampani yeniyeniyo ikhoza kutha. Kampani ya imelo yotchedwa Lavabit inatsekedwa mwadzidzidzi mu August 2013, ndipo anthu amene maadiresi awo ankathera ndi dzina lake anadzuka alibe polandirira makalata, wolakwa ndi wosalakwa yemwe.

Sabata yomweyo ndinagula domeni, dzina langalanga loika kumanja kwa @. Timati kugula, koma kwenikweni nayonso ndi lendi: umalipira chaka ndi chaka, ndipo ya .com ukhoza kulipiriratu mpaka zaka 10. Kusiyana kwake n'kwakuti malamulo ake ndi odziwika, ukhoza kuisamutsa kuchoka kwa wogulitsa wina kupita kwa wina, ndipo ukamalipira m'nthawi yake dzinalo limakhala lako. Mu DNS, kaundula wa pa intaneti wosonyeza kumene dzina lililonse likupezeka, domeni imakhala ndi kamzere kotchedwa MX, kamene kamauza dziko lonse kuti makalata a dzina ili azikatulidwa pa seva yakuti. Ukasintha kamzereko, makalata amatsata kumene waloza, adiresi osasintha. Ufulu wonse umene ndinkaufuna unali m'kamzere kameneko.

Poyamba ndinaloza MX kwa kampani ina yosunga maimelo yolipira. Zinatenga madzulo amodzi, ndipo zinkayenda bwinobwino. Ndikanalekera pomwepo, nkhaniyi ikanathera apa. Koma mtima unali ukadali ndi mkwiyo wa masiku 9 aja, ndipo ndinadziuza kuti sindifunanso kuti makalata anga azigona m'nyumba ya munthu wina. Achimwene anandichenjeza kuti, "Kulandira makalata ngakhale mawa uyamba. Kutumiza ndiye udzalira nako." Ndinaona ngati akungofuna kundiopseza.

Ndinayambira kunyumba, pa laputopu yakale imene batire yake inafa. Apa sindichedwapo chifukwa zinakanika msanga. Maseva a imelo amalankhulana pa port 25, ndipo makampani ambiri opereka intaneti ya m'nyumba amatseka khomo limeneli kuti makompyuta ogwidwa ndi mavairasi asamatumize spam. IP adiresi, nambala imene kompyuta imadziwika nayo pa intaneti, ya kunyumba imasinthasintha, nthawi zina imodzi mumagawana anthu ambiri osadziwana. Komanso bungwe la Spamhaus, limene linayamba mu 1998, lili ndi mndandanda wotchedwa PBL wa maadiresi amene sayenera kutumiza makalata mwachindunji, ndipo a m'nyumba ambiri ali mmenemo. Kukhalamo sikutanthauza kuti walakwa, koma maseva ambiri akangoona amakubweza. Onjezanipo magetsi akazima kapena mwana akazula waya wa rauta. Patatha masiku atatu laputopuyo inabwerera m'kabati.

Ndinatenga seva ya lendi, imene amati VPS, yaing'ono kwambiri. Nakonso port 25 inali yotseka. Makampani ambiri amatero kwa makasitomala atsopano, ngakhale AWS, kampani ya Amazon yobwereketsa maseva, imafuna upemphe kaye. Ndinalemba kufotokoza kuti ndi makalata a banja ndi a ntchito yanga, ndipo anatsegula. Funsani zimenezi musanalipire, chifukwa ena satsegula n'komwe.

Ndinaikamo Postfix, imene Wietse Venema analemba ali ku IBM n'kuitulutsa mu 1998, yoti izilandira ndi kutumiza. Ndinaikamo Dovecot ya Timo Sirainen wa ku Finland, yoti foni ndi kompyuta ziziwerenga makalata kudzera pa IMAP, pa port 993. Kenako Rspamd yosefa spam. Pali mapulogalamu monga Mail-in-a-Box ndi mailcow amene amamanga zonsezi pamodzi, ndipo kwa munthu wongofuna kuti zigwire ntchito ndi abwino. Ine ndinasankha kuika chimodzichimodzi kuti ndizimvetse, ndipo pa ichi chokha sindinong'oneza bondo, chifukwa zitayamba kuvuta ndinkadziwa poyang'ana.

Kalata yoyamba inafika usiku cha m'ma 11. Ndinali nditatsegula fayilo ya log, mmene seva imalembamo zimene ikuchita, n'kumangoiyang'ana. Mizere inayamba kuyenda: seva yakutali yalumikiza, yapereka moni, yatchula wotumiza ndi wolandira, kenako mawu akuti status=sent. Foni inalira m'thumba. Ndinadzutsa mayi akunyumba kuti adzaone. Anayang'ana zilembo zoyera pagalasi lakudalo, anayang'ana ine, n'kunena kuti, "Ndiye mwandidzutsira kalata imene mwadzilembera nokha?"

M'mawa mwake log ija inali itatalika modabwitsa. Makina ochokera kumaiko osiyanasiyana anachezera usiku wonse kuyesa kulowa ndi maina monga admin, info, test, sales. Palibe amene ndinamuuza za sevayo. Pa intaneti, khomo likangotseguka pamapezeka oligogoda maola ochepa. Ena ankayesa kuona ngati seva yanga ingavomere kutumizira makalata munthu aliyense wongodutsa, zimene amati open relay. Ukalakwitsa apa, tsiku limodzi lokha seva yako itumiza spam yochuluka zedi, ndipo dzina la IP yako liipiratu. Mwamwayi Postfix imabwera itatseka zimenezi, bola iwe usatsegule wekha posadziwa. Ndinaika Fail2ban yoti izitsekera kunja amene alephera pasiwedi kangapo, pa SSH, njira yolowera mu seva uli kutali, ndinaletsa kulowa ndi pasiwedi n'kusiya kiyi yekha, ndipo phokoso linachepa.

Kulandira kunalidi kosavuta. Ndinasangalalanso ndi chinthu china chimene domeni imapereka: maadiresi ochuluka mmene ungafunire. Sitolo iliyonse ya pa intaneti ndinkaipatsa adiresi yakeyake, ndipo ina ikayamba kubweretsa zinyalala ndinkadziwa amene wagulitsa dzina langa n'kungoitseka. Ndinalakwitsa kamodzi kutsegula zoti kalata yopita ku dzina lililonse pa domeniyo izifika kwa ine. Otumiza spam amalota maina, ndiye zonse zimene analota zinkandipeza. Ndinatseka sabata isanathe.

Ndiye ndinapanga adiresi ya mayi akunyumba, n'kuwakopa kuti asiye yakale. Apa m'pamene mawu a achimwene anandipeza.

Mayiwo anaona ntchito imene ankaifuna kwa nthawi yaitali. Analemba kalata, anakonza CV, ndipo anatumiza kutatsala masiku anayi kuti atseke. Ine ndinayang'ana mu log: seva ya mbali inayo inayankha 250, kutanthauza kuti yalandira. Ndinawauza monyadira kuti yafika, ndili ndi umboni. Patapita masabata atatu kuli zii, anaimba foni kuofesiko. Mlembi anafufuza, kenako anati waipeza m'bokosi la spam, koma anthu oti ayesedwe anasankhidwa kale. Mayiwo sanakalipe. Anangoika foni patebulo n'kunena motsitsa mawu kuti, "Umboni wanu uja ndi umenewu, bambo." Ndikanakonda akanakalipa.

Usiku umenewo ndinakhala pansi n'kuyamba kuphunzira zimene ndinayenera kuphunzira ndisanapatse munthu wina adiresi. SMTP, njira imene makalata amayendera, inalembedwa ndi Jon Postel mu 1982, nthawi imene anthu a pa netiweki anali ochepa ndipo ankakhulupirirana. Mwa iyo yokha, aliyense akhoza kulemba dzina la wina pamalo a wotumiza. Ndiye m'zaka zapitazi anawonjezera zinthu zingapo zoti seva yolandira izitsimikizira kuti ndiwedi, ndipo zonse zimalembedwa mu DNS.

SPF ndi mzere umodzi wotchula maseva amene ali ndi chilolezo chotumiza m'dzina la domeni yako. Wanga unalipo, koma inalipo iwiri: wakale wa kampani ija ndi watsopano wa seva yanga. Ndinkaganiza kuti iwiri ndiye kulimba. Lamulo lake ndi lakuti ukhale umodzi wokha, ikakhala iwiri zonse zimaonedwa ngati zolakwika. Komanso mzerewo usachititse wolandira kufunsa DNS koposa ka 10, zimene zimachitika mosavuta ukamawonjezera makampani ena okutumizira makalata.

DKIM ndi siginecha. Seva imasaina kalata iliyonse ndi kiyi wachinsinsi, ndipo mnzake wa kiyiyo umamuika poyera mu DNS kuti wolandira ayerekeze. Apa ndinapunthwa pa kanthu kakang'ono kochititsa manyazi. Kiyi wa mabiti 2048 ndi wautali kuposa zilembo 255, pamene chidutswa chimodzi cha mzere wa TXT, umene kiyiyo umalembedwamo mu DNS, sichipitirira 255, ndiye amayenera kudulidwa pawiri mwa njira yake. Pokopera, ine ndinatengera limodzi zizindikiro zogwira mawu ndi mipata imene sinkafunika. Seva yanga inkasaina mokhulupirika miyezi yonseyo, koma siginecha iliyonse inkalephera. Kalata ya mayi akunyumba inapita ngati chikalata chokhala ndi chidindo chabodza.

DMARC imamangirira ziwirizi ku dzina limene munthu amaliona pa kalata, ndipo imauza wolandira chochita zikalephera: p=none kungoyang'ana, p=quarantine kuponya ku spam, p=reject kukaniratu. Ubwino wake waukulu kwa ine unali malipoti. Ukaikapo adiresi yolandirira, makampani akuluakulu amakutumizira mafayilo a XML, kawirikawiri tsiku lililonse, osonyeza makalata a m'dzina lako amene anaona ndi mmene anakhozera mayesowo. Ndikanaika DMARC tsiku loyamba, ndikanadziwa za DKIM yosweka ija sabata yoyamba yomwe. Yambani ndi p=none, muwerenge malipoti kwa masabata angapo, kenako muzikhwimitsa. Ndipo dziwani kuti kalata ikatumizidwanso kuchoka pa adiresi ina kupita pa ina, SPF imasweka chifukwa seva yasintha, koma DKIM imapulumuka ngati kalatayo sanaisinthe. N'chifukwa chake zimafunika zonse ziwiri.

Chinatsala ndi PTR, dzina limene IP adiresi imayankha ukaifunsa kuti ndiwe yani. Ili sulilemba kwa wogulitsa domeni, umalilemba kwa mwini seva, ndipo liyenera kugwirizana ndi dzina limene seva yako imadzitchula. Ndinali nditalikonza, koma makalata ena ankabwererabe ndi nambala 550, kutanthauza kuti akanidwa. Ndinazunguzika masiku awiri mpaka nditawerenga bwino uthenga wobwererawo n'kuona kuti adiresi imene akuikana ndi yaitali, yokhala ndi timadontho tiwiritiwiri. Seva yanga inali ndi IPv6, mtundu watsopano wa IP adiresi pambali pa wakale wotchedwa IPv4, ine osalabadira, ndipo Postfix inkatulukira kumeneko ikaona kuti mbali inayo nayo ili nayo. PTR ndinaikira IPv4 yokha. Mzere umodzi mu main.cf, fayilo ya malangizo a Postfix, wakuti inet_protocols = ipv4, unathetsa vutolo pomwepo, ndipo pambuyo pake ndinakonzanso PTR ya IPv6. Muziwerenga uthenga wobwerera mpaka kumapeto. Ndi wautali ndi wosasangalatsa, koma nthawi zambiri yankho limakhala momwemo.

Kale zinthu zimenezi zinali zongothandiza. Kuyambira February 2024, Google ndi Yahoo anazisandutsa lamulo: aliyense wotumiza akhale ndi SPF kapena DKIM komanso PTR yolongosoka, ndipo wotumiza makalata ambiri, amene Google imawerengera kuyambira 5,000 patsiku, akhale ndi zonse pamodzi ndi DMARC. Microsoft inachitanso chimodzimodzi kwa otumiza ambiri mu May 2025. Munthu wamba safika pa 5,000, koma ndi bwino kukonza zonse.

Nditakonza zonsezi, malo oyesera makalata a pa intaneti ankandipatsa 10 pa 10. Ndinawaimbira achimwene kuti ndamaliza. Anaseka. "Mapepala ako ali bwino tsopano. Koma akukudziwa ndani?"

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo palibe mzere wa mu DNS umene ungakonze. Maseva akuluakulu amayang'ana mbiri ya IP ndi ya domeni. IP imene ndinapatsidwa sinali yatsopano, wina anaigwiritsapo ntchito ine ndisanabwere, ndipo nditaifufuza pa MXToolbox ndinaipeza pa mindandanda iwiri ya oipa. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Pa mndandanda umodzi ndinapempha n'kuchotsedwa. Winawo unali wa mtundu umene umadetsa chigawo chonse cha maadiresi chifukwa cha oyandikana nawo, ndipo pamenepo palibe chimene ukanachita kupatula kusamuka. Kufufuza kumeneku kumatenga mphindi imodzi, ndipo ndinayenera kukuchita ndisanaike chilichonse pa sevayo, nthawi imene kupempha IP ina kunali kosavuta.

Choipa kwambiri n'chakuti wotumiza makalata ochepa sapanga mbiri. Ine ndimatumiza mwina 10 patsiku. Kwa makina amene amaona makalata osawerengeka pa ola, seva yanga inali mlendo tsiku lililonse. Ngakhale zida zimene makampaniwo amapereka kuti uone mbiri yako, monga Postmaster Tools, sizisonyeza kanthu ngati makalata ako ndi ochepa. Ndipo kukanidwa ndi 550 kuli bwino, chifukwa umadziwa kuti yakanidwa. Choopsa ndi 250 ija: alandira mwaulemu, kenako aponya kuseri, iwe osadziwa. Ndinafika poti ndikatumiza pulani kwa kasitomala ndinkatsatiza ndi meseji pafoni yakuti, "Ndatumiza, mukapanda kuiona muyang'ane ku spam." Munthu wofuna ntchito sayenera kuyamba ndi mawu amenewo.

Ndinagonja theka. Postfix ili ndi mzere wotchedwa relayhost, umene umauza seva kuti makalata otuluka azidutsira kwa kampani ina yodziwika, pa port 587, ndi dzina ndi pasiwedi. Ndinawonjezera kampaniyo mu SPF, ndinaika kiyi wawo wa DKIM pa domeni yanga, ndipo makalata anayamba kufika m'bokosi lenileni. Kulandira ndi kusunga kunatsala kwa ine. Ngati mwatsimikiza mtima kuyendetsa seva yanu, yambirani pamenepa, musadikire kuti wina wa m'banja ataye mwayi kaye.

Zina zimene zinavuta zinali za ulesi wanga. Satifiketi yotsimikizira mafoni kuti seva ndi yeniyeni, yochokera ku bungwe la Let's Encrypt, inkakhala masiku 90, ndipo pulogalamu ya Certbot inkaikonzanso yokha nthawi isanakwane. Koma Dovecot inkagwirabe yakale mpaka itauzidwa kuti iwerengenso, ndiye m'mawa wina mafoni onse m'nyumba anayamba kuchenjeza kuti seva ndi yosadalirika. Kalamulo kamodzi kouza Dovecot ndi Postfix kuti ziwerengenso satifiketi ikasintha ndi kamene kankasowa. Ulendo wina disiki inadzaza ndili paulendo, chifukwa mapulani ndi mafayilo olemera. Seva inayamba kuyankha 452 kwa aliyense. Ndinathamanga mtima, koma palibe kalata imene inatayika. Nambala zoyamba ndi 4 zimatanthauza kuti bwerani nthawi ina, ndipo seva yotumiza imasunga kalatayo n'kumayesabe, Postfix mpaka masiku 5. Nditachotsa zinyalala, makalata anayamba kulowa okha motsatizana. Anthu ambiri amaopa kuti seva ikazima ola limodzi makalata atayika. Imelo inapangidwa moganizira kuti mizere imaduka. Chofunika kuopa ndi backup, kope losungira padera, imene sunayesepo kubwezeretsa. Yanga nditaiyesa koyamba ndinapeza kuti inkasunga makalata koma osasunga makiyi a DKIM ndi mndandanda wa maakaunti.

Chimene chinatsala pang'ono kundigwetsa sichinali seva ayi. Inali domeni yomwe ija.

Tsiku lina kuyambira m'mawa mpaka masana sikunabwere kalata ngakhale imodzi, ngakhale spam. Log inali phee. Seva inali bwino, disiki inali bwino. Nditafunsa DNS, MX yanga kunalibe. Domeni inali itatha nthawi dzulo lake. Khadi la ku banki limene ndinalembetsa linali litatha ntchito, ndiye kulipira kodzichitikira kunalephera. Malamulo a ICANN, bungwe loyang'anira madomeni, amakakamiza ogulitsa madomeni kukumbutsa mwiniwake kutatsala pafupifupi mwezi, kenako kutatsala pafupifupi sabata, ndipo iwo anaterodi. Makalatawo ndinadzawapeza pambuyo pake m'bokosi la spam la seva yanga yomwe. Sefa imene ndinaikonza ndi manja anga inandichita zimene ena anachita kalata ya mayi akunyumba.

Nditafuna kulowa kuti ndilipire, anati atumiza nambala yotsimikizira ku imelo yanga. Imelo yake inali pa domeni yomwe yathayo. Ndinangoti kakasi. Ndinali nditabwerera pa tsiku lija la fomu, koma ulendo uno wonditsekera kunja ndinali ndekha. Chinandipulumutsa ndi laputopu yakale ya m'kabati ija, imene ndinagulirapo domeniyo ndipo wogulitsayo ankaizindikirabe. Inandilola kulowa osafunsa nambala. Ndinalipira zaka 5 nthawi imodzi manja akunjenjemera.

Domeni ikatha si ngati seva yazima. Wotumiza akauzidwa kuti dzinalo kulibe, kalata imabwerera pomwepo, siyesedwanso, ndipo ena a tsiku limenelo sindinawaonenso. Pa .com pamakhala nthawi yachisomo, kenako masiku 30 oti uiwombole pamtengo wokwera, kenako imamasulidwa kuti aliyense aitenge. Ndipo woitengayo akangoika MX yake, makalata ako onse, kuphatikizapo malinki osinthira mapasiwedi, azifika kwa iye. Tsiku lomwelo ndinasintha adiresi ya akaunti ya kwa wogulitsa domeni kuti ikhale ya kwina, yosadalira domeniyo. Ndinaika kutsimikizira kwachiwiri kudzera pa pulogalamu ya pafoni, ndinasindikiza manambala opulumukira papepala, ndinatseka domeni kuti isasamutsidwe, ndipo tsiku lothera ndinalilemba pakalendala ya pakhoma. Akaunti ya VPS nayo ndinaichita chimodzimodzi.

Za chinsinsi, zimene nazonso zinandikoka kuti ndikhale ndi seva yangayanga, ndinene zoona: phindu lake linali lochepa kuposa mmene ndinkaganizira. Pafupifupi aliyense amene ndimalemberana naye ali ndi adiresi ku makampani akuluakulu omwewo, ndiye kope la kalata iliyonse limakhalabe kumeneko. Ndipo VPS ndi kompyuta ya eni ake. Ndinangosintha nyumba ya lendi n'kudziwonjezera ntchito ya ulonda.

Funso lomaliza anafunsa ndi mayi akunyumba, tsiku lina ndikukonza seva Loweruka usiku m'malo mocheza nawo. "Kodi bambo, mutagona m'chipatala mwezi wathunthu, kapena Mulungu atakutengani, makalata angawa ndikawapeza bwanji?" Ndinayamba kufotokoza za SSH ndi makiyi. Ndinaona nkhope yawo n'kusiya. Makalata a sukulu ya ana, a banki, a kuntchito kwawo, onse ankadalira munthu mmodzi wodziwa pamene pali chilichonse, ndipo zonsezo zinali m'mutu mwake.

Mwezi wotsatira ndinasamutsa mabokosi onse kupita ku kampani yolipira yosunga maimelo. Kutatsala masiku awiri ndinatsitsa TTL ya MX kufika pa masekondi 300, kuti maseva ena asasunge zakale nthawi yaitali. Ndinakopera makalata onse ndi imapsync, ndinasintha MX, SPF ndi DKIM, kenako ndinayendetsanso imapsync kuti itole otsalira. Seva yakale ndinaisiya yoyaka sabata imodzi kuti ilandire ochedwa. Ndinalemba pepala limodzi lonena kumene domeni inalembetsedwa, tsiku lolipira, ndi kumene kuli manambala opulumukira, n'kuliika mu envelopu limodzi ndi zikalata za banja. Mayiwo analiwerenga pamaso panga, anafunsa mafunso awiri, ndinakonza pamene panali posamveka.

Seva ija ikadalipo, imalandira makalata a kadomeni kakang'ono koseweretsa, ndipo ndimaphunzirirapo. Munthu amene amakonda ntchito imeneyi, amene ali ndi nthawi yowerenga log ndi kuika zigamba za chitetezo zikatuluka, ndipo makalata ake okha ndi amene angavutike zikalakwika, ayese ndithu, aphunzira zambiri za mmene intaneti imayendera kuposa zimene angawerenge. Alipo amene ayendetsa maseva awo zaka zambiri popanda vuto, makamaka amene anayamba kale IP zawo n'kupanga mbiri. Ine ndinabwera mochedwa, ndi makalata 10 patsiku komanso banja m'ngolo.

Sindinauze aliyense kuti ndasamuka. Patatha milungu iwiri achimwene ananditumizira imelo yofunsa za pulani ya khonde lawo, pa adiresi yomwe ija. Ndinayankha. Madzulo anaimba foni, ndipo tili pakati pokambirana za khondelo anati, "Ndayang'ana mizere yosonyeza njira imene kalata yako ija yadutsa. Seva si yakonso eti?"

"Si yanga, achimwene."

"Nanga makasitomala wawauza?"

"Ndiwauze chiyani? Adiresi ndi yomweyo."

Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa ngati mizati ya khondelo ingakhale itatu m'malo mwa inayi.